Nyemba Yoyera ya M'chitini cha Adotolo

Inu ana anga amene mwasankha ntchito ya uzamba, ndi inu adzukulu amene tsiku lina mudzagona pa bedi la kuchipatala m'manja mwa anthu osawadziwa, tcherani khutu. Ndamva kuti kwabweranso anthu ofufuza za mchombo wa khanda, ngati uyenera kudulidwa msanga kapena kudikiridwa, ndipo ena a inu mwaitanidwa kuti muthandize. Nkhani imeneyi si yachilendo kumapiri kuno. Idatipeza ife m'masiku a Chitaganya, ine ndikadali mtsikana wa manja ofewa, ndipo idatsala pang'ono kundidyera mng'ono wanga.

Ndinkagwira ntchito pa chipatala cha mishoni ina ya kuno ku Dedza, imene sinditchula dzina. Chipinda cha amayi chidali cha njerwa zootcha, chofolera malata, ndipo m'miyezi ya chisanu nkhungu inkatsika kuphiri n'kudzakhala nafe m'makonde. Mkulu wathu adali adona ena a kutsidya kwa nyanja, okalamba, osaseka wamba. Iwo adatiphunzitsa lamulo losasinthika: mwana akangotuluka, pana mchombo ndi chopanira chachitsulo, manga ndi ulusi wowiritsa, dula ndi sizasi wowiritsa, usazengereze. Kumudzi kudali kwina. Azamba a kwathu ankadikira kufikira nsengwa itatuluka, ndipo pamenepo ankadula ndi bango long'alula n'kupaka mwaye pabala. Adona ankati imeneyo ndi njira ya mdima. Ife tinkavomereza, popeza tidaona ndi maso athu makanda akuuma ndi kafumbata asanatuluke m'chikuta.

Chaka china, mbatata ya kachewere ili pa maluwa, kudabwera adotolo atsopano, munthu wamtali wa tsitsi longa ndevu za chimanga. Adatisonkhanitsa azamba tonse, ndipo pa tebulo adaikapo wotchi, tambula ya mizere m'mbali mwake, ndi chitini cha tiyi chokhala ndi chivundikiro. M'chitinimo mudali nyemba zofiira ndi zoyera, zofanana kukula. Iwo ankayankhula Chingerezi, adona n'kumamasulira.

"Mayi akakhala pafupi kuchira, mmodzi wa inu agwedeze chitinichi, apise dzanja osayang'ana, atole nyemba imodzi. Ikakhala yoyera, dulani msanga monga mwa masiku onse. Ikakhala yofiira, gwirani mchombo ndi zala, mudikire kufikira utaleka kugunda, maso ali pa wotchi. Nsengwa ikatuluka, magazi otsalamo muwakhetsere m'tambulamu."

Mnzathu wina wamkulu msinkhu adafunsa kuti, "Nanga njira yabwino ndi iti?"

"Sindidziwa," adatero adotolo. "Palibe adziwa. N'chifukwa chake tikuti tiyese."

Chibadwire ndidali ndisanamvepo mzungu akunena kuti sadziwa. Aphunzitsi ankadziwa, abusa ankadziwa, a boma amene ankatikakamiza kaunjikidwe ka mizere m'minda yathu ankadziwa, ngakhale amene adatiphatikiza ndi maiko a kumwera ife tisakufuna ankati adziwa chotikomera. Tsono uyu akuti sadziwa, koma wafika ndi chitini chokonzeratu. Ndidati mumtima, munthu wonena kuti wasokera koma kamba wake ndi wokwanira ulendo wonse, ameneyo adziwa kumene akupita. Komabe ntchito tidaiyamba, pakuti mzamba wamng'ono sankafunsa kawiri.

Tsono muyenera kudziwa kuti pa mishoni pomwepo, Mkhristu wopezeka kuti adapita kukaombeza ula ankaimitsidwa Mgonero, dzina lake n'kulengezedwa pamaso pa mpingo. Muyeneranso kudziwa kuti nyemba zouma zikamagwedezedwa m'chitini zimalira monga chisekese cha woombeza. Chipupa cha chipinda chochiriramo chidali chopyapyala, ndipo kuseri kwake n'kumene ankakhala amayi odikirira odwala, akuwotha dzuwa. Adamva kulira kumeneko kamodzi, adamvanso kawiri. Wochirayo naye ankaona dzanja likupisa m'chitini, ndiponso tambula ya magazi ikutuluka pakhomo. Palibe amene adamuuza chifukwa chake. Masiku amenewo mayi wobereka sankafunsidwa kanthu, kumudzi ngakhale kuchipatala.

Mbiri idayenda msanga kuposa ngolo. Ena ankati nyemba yofiira ndi ya mwana woti apopedwe magazi. Ena ankati ayi, yoyera ndiyo yoopsa, chifukwa mwana wake adzayera maso. Onse ankagwirizana pa chimodzi, kuti magaziwo amathiridwa m'mabotolo n'kupita ku Halale, likulu la Chitaganya. Mabedi adayamba kukhala opanda anthu. Tsiku lina ndili ku boma kukagula mafuta a nyale, mwini sitolo, bambo wachisilamu wodziwana ndi malemu bambo athu, adandiyang'ana pamwamba pa mandala awo.

"Anamwino, nyemba zilipo. Mukufuna zophika kapena zoombezera?"

Anthu adaseka, koma kuseka kwa pamilomo pokha, ndipo mayi wina amene adaima pafupi nane adasunthira mwana wake kudzanja lina.

Zonsezi ndikadapirira pakadapanda mng'ono wanga. Amayi athu adamwalira ife tili aang'ono, ndipo tidaleredwa ndi akulu awo, amene tinkawatcha amayi aakulu, kumudzi kwathu cha ku Kaphuka. Iwo adali mzamba wa mudzi, munthu wamfupi, wa fodya wa m'mphuno, wa munda waukulu wa kachewere ndi lilime la tsabola. Mng'ono wangayo adali atachira kawiri m'manja mwawo. Mwana woyamba adapita ndi kafumbata ali m'chikuta, ndipo mudzi udati ndi apongozi ake aakazi amene adam'chitira kaduka. Wachiwiri adabadwa wozizira kale, mayiyo n'kutaya magazi kufikira mphasa idakatayidwa, ndipo mudzi udati ndi mwamuna wake, wocheka matabwa a paini ku Phiri la Dedza, amene sadadzisunge. Tsopano adali ndi pakati pachitatu. Adona atamuyeza adandiuza mosabisa kuti akachirira kumudzi n'kutayanso magazi motero, tikamuika m'manda.

Loweruka lina ndidayenda ulendo wa kwathu. Ndidawapeza kumunda akukumba kachewere, mng'ono wanga atakhala pa thumba akusankha yowola, mapazi ali otupa.

"Taonani, adona aang'ono atulukira," adatero amayi aakulu osaweramuka. "Chitini mwasiya kuti? Ndikadaombezako mbuzi yanga idasowa ija."

"Amayi, si ula umene uja."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndi kuyesa. Adotolo akufuna kudziwa njira yabwino."

"Woombeza naye amafuna kudziwa. Ine adandiimitsa Mgonero pamene ndidapita kukafunsa chimene chidadya mayi ako. Dzina langa lidamveka mpaka kumakonde. Ondiimitsa aja lero ali duu, chifukwa chisekese cha mzungu n'cha malata."

Ndidayamba kufotokoza za jekeseni woletsa magazi, amene kumudzi kulibe. Iwo adandilola ndiyankhule mpaka nditatopa, kenaka adazika khasu pansi n'kutsamira mpini.

"Ndikufunsa chimodzi, ndipo usandiyankhe za m'buku. Magazi a m'tambula aja amapita kuti?"

Tambula ikadzaza tinkaipereka pakhomo, n'kupita kuchipinda cha adotolo, ndipo inkabwerako yotsuka. Pakati pa khomo lathu ndi khomo lawo ine sindinkadziwapo kanthu.

"Lumbira pa manda a mayi ako kuti sapita ku Halale."

Sindidathe kulumbira, pakuti nanenso mumtima mudali funso lomwelo.

"Ndiye mwana uyu achirira pano," adatero, n'kuzula khasu lawo. Mng'ono wanga sadakweze mutu. Adapitiriza kusankha kachewere monga ngati tikunena za munthu wa mudzi wina.

Akale adati safunsa adadya phula. Lolemba m'mawa ndidaima pamaso pa adona, n'kufunsa funso la amayi aakulu monga lidaliri. Ndinkayembekeza kudzudzulidwa. Iwo adandiyang'ana nthawi yaitali, adayang'ananso mabedi opanda anthu, kenaka adanditengera kwa adotolo. Adotolo atamva adaseka kwambiri, koma poona kuti adona sakuseka adaleka. Adanditsogolera kuseri kwa chipinda chochapira, n'kundiloza ngalande yopita pansi pa mitengo ya mapichesi.

"Ndikaona mzere pamene magazi alekezera, ndimathira umu. Onani nokha. Palibe chobisika."

Ndidayang'anitsitsa ngalandeyo. Dothi lake lidali lakuda, ndipo ntchentche zidachitira umboni. Ndidabwerera kumudzi mtima uli m'malo, ndikuti ndanyamula mankhwala a nkhani yonse.

"M'ngalande!" adakuwa amayi aakulu, fodya n'kutayikira pansi. "Pamene agalu amanyambita? Pamene aliyense wa mtima woipa angadze ndi chigoba n'kutapa? Iwe, sukulu idakudya mutu. Bola akadamagulitsa, tikadadziwa wokamufunsa!"

Inu a masiku ano mwina simungamvetse mkwiyo umenewo. Kwathu nsengwa ndi zonse zotuluka nayo zinkakwiriridwa ndi amayi a pabanja, mwakachetechete, pamalo osadziwika kwa mlendo, chifukwa ankati wozipeza angathe kutseka mimba ya mayiyo kuti asadzaonenso mwana. Ine ndidali nditakhalitsa pa mishoni, kotero kuti chimene kwathu chili chitonzo ndidachitenga ngati chitonthozo.

Komabe ngalande ili pafupi, munthu angathe kukambirana nayo, pamene Halale ali kutali. Mkwiyo utaphwa, amayi aakulu adanena zofuna zawo. Alowa nawo m'chipinda chochiriramo. Nyembayo atola okha, ndi dzanja lawo. Nsengwa ndi magazi ake omwe anyamula kupita nazo kwathu, osasiya dontho. Adona adayamba akana, kenaka adalola, malinga amayiwo asambe ndi sopo mpaka m'zigongono, fodya atsale kunja, ndipo mwaye usayandikire pamchombo. Adotolo adavomera zonse, n'kuwonjezanso kuti mayi aliyense wosafuna chitini ali ndi ufulu wochikana. Mawu okoma ndithu. Koma ine ndidadzifunsa kuti adali kuti mawu amenewa tsiku loyamba lija, ndipo ndikuganiza kuti amene adawatulutsa ndi mabedi aja.

Amayi aakulu adabwera naye mng'ono wanga pa ngolo ya ng'ombe, chisanu chitafika pachimake. Matenda adayamba m'mawa wina wa nkhungu, woti munthu sungaone mapichesi uli pakhonde. Amayi aakulu adavekedwa chovala choyera pamwamba pa nsalu yawo, chofika mpaka kumapazi, ndipo ankadzinunkhiza manja mokwinya nkhope.

"Ndikununkha ngati mtembo wa mzungu," adatero.

Nthawi itayandikira ndidagwedeza chitini n'kuchipereka kwa iwo. Adapisa dzanja, maso ali kudenga, ndipo adakhalitsa m'menemo, zala zikuyenda monga za munthu wosankha mbewu. Ndidadziwa chimene ankafuna. Ankafuna yofiira, ya kudikira, monga mwa njira yawo.

"Anthu awa ndi ochenjera," adang'ung'udza. "Asankha zofanana."

Adatulutsa dzanja, adasuzumira m'chikhatho, n'kufumbatanso msanga. Idali yoyera.

"Bwezani chitini chanu. Mchombo ukamagunda ndiye kuti mwana akadalandira chake. Ndani amalanda mbale munthu ali pakati pa kudya?"

Adona adati, "Ali ndi ufulu wokana. Chotsani chitini."

Ndidatambasula dzanja kuti ndilandire nyembayo. Pamenepo padamveka mawu kuchokera pabedi, kumene tonsefe tidali titaiwala kuyang'ana.

"Amayi, tsegulani dzanja ndione."

"Iwe, khala chete, sunga mphamvu."

"Tsegulani, ndione."

Adatsegula. Mng'ono wanga adaiyang'ana nyembayo, thukuta likutsika m'khosi ngakhale kudali kuzizira, ndipo adadikira kuti kupweteka kudutse.

"Ndiyo yomweyo. Musabweze."

"Wapenga kodi? Ufuna mwana adulidwe ngati dzungu losakhwima?"

"Ndakhala chete kawiri, Amayi. Woyamba uja atapita mudati ndi apongozi, mpaka lero sitipalana moto. Wachiwiri mudati ndi bambo ake, mpaka lero amadya akuyang'ana pansi. Uyu mukasankha inu, china chikachitika, adzati ndi inu. Akasankha achemwali, adzati ndi achemwali ndi azungu awo. Ine ndatopa kuika mwana m'manda n'kutayanso m'bale. Nyemba ilibe mudzi. Palibe adzapite kukaitukwana pakhomo."

Adona sadamve zonse, koma sadafunse. Amayi aakulu adatembenukira kwa ine.

"Wamva, mzamba. Dula."

Aka kadali koyamba kunditcha mzamba popanda chipongwe.

Adabadwa mwana wamkazi. Ndidagwira mchombo, ndipo unkagunda pansi pa chala changa monga mtima wa nkhunda yogwidwa m'manja. Ndidapana, ndidamanga, ndidadula. Mwana adalira mokwiya. Tisanapume n'komwe, chimene adona ankaopa chija chidafika. Nsengwa itangotuluka magazi adatsatira, osalekeza, mpaka beseni lidasanduka mtundu. Adona adabaya jekeseni n'kuyamba kufikisa pamimba ndi mphamvu zonse za manja awo okalambawo, ndipo adotolo adathamanga kudzathandiza. Milomo ya mng'ono wanga idayera ngati phulusa. Amayi aakulu adamugwira mutu pachifuwa pawo, akumuitana dzina la paubwana mobwerezabwereza, kuti asagone. Dzuwa lisanafike pamutu, nkhungu itayamba kukwera kubwerera kuphiri, magazi adaleka. Mng'ono wanga adapempha madzi akumwa.

Musaganize kuti amayi aakulu adaiwala zawo. Pamene adotolo ankakweza tambula kuti aone mzere, iwo adaima pafupi kotero kuti mpweya wawo udachita nkhungu pagalasi. Adotolo atangogwedeza mutu, adailanda n'kukhuthulira m'kamphika kamene adabwera nako, m'mene mudali kale nsengwa. Adatsukuluza tambulayo mobwerezabwereza, madzi otsukirawo n'kuthiranso momwemo, n'kuvundikira ndi nsanza. Adona adatambasula dzanja kuti alandire nyemba ibwerere m'chitini.

"Iyi ayi," adatero amayi aakulu, akuimanga pa nsonga ya nsalu. "Yakhudza mwana wathu."

Ali pakhomo adacheuka n'kundiuza kuti, "Jekeseni ujayo ndi weniweni. Koma chitinicho ndi ula, ngakhale ukane mpaka kufa."

Pang'ono ndi pang'ono amayi adayamba kubweranso, aliyense ndi kamphika kake m'dengu. Ena ankakana chitini, ena ankatola okha, ndipo ngalande ija idauma. Koma mlendo ndi mame. Mvula ina isanagwe kawiri adotolo adanyamula katundu wawo. Potsazika adatigwira chanza tonse, n'kulonjeza kuti akadziwa chimene nyemba zanena adzatidziwitsa. Sitidamvenso kanthu. Adona adabwezera lamulo lawo lakale, ndipo chitini chidabwerera kukhitchini kukasunga tiyi.

Ndidagwira uzamba mpaka maso atayamba kuchita chidima, ndikudula msanga monga ndidaphunzirira. Nditapuma kale, namwino wina wachitsikana ndiye adandiuza, tikucheza wamba, kuti tsopano amaphunzitsidwa kudikira pang'ono, kuti magazi a m'nsengwa apite kwa mwana. Ngati nzeru imeneyo idachokera m'chitini chathu chija kapena kwina, ine sindidziwa. Ndidangokumbukira mawu a amayi aakulu onena za mbale aja, n'kukumbukiranso mwaye wawo umene udatidyera mwana woyamba. Kamtsikana ka nyemba yoyera kaja kadadwaladwala m'chaka chake choyamba, kotumbuluka m'zikhatho, ndipo kenaka kadalimba. Lero ali ndi zidzukulu. Nthawi zina ndikamuona ndimadzifunsa ngati magazi amene adapita m'kamphika aja sadali chakudya chake cha panjira. Woti andiyankhe adakwera sitima kalekale.

Za mabotolo a ku Halale zidali zabodza, ndidaona ndekha ngalande. Koma sindinganene kuti amayi a kumudzi adalakwa pokayika. Adabwereketsa ana awo ku funso la mlendo, mlendoyo n'kupita ndi yankho kwawo. Ambiri a iwo adagona m'manda osadziwa kuti nyemba yofiira idali ya chiyani.

Tsono inu ana anga, akabwera ofufuzawo, athandizeni, pakuti kufuna kudziwa si tchimo. Koma musanagwire chida chawo chilichonse, afunseni kumene kudzapita kanthu kalikonse kotuluka m'thupi la mayi, ndipo mukaone malowo ndi maso anu. Afunseninso kuti adzabwera liti kudzanena zimene apeza, ndi kuti adzauza yani. Mukatero, khalani pansi ndi mayiyo matenda asanayambe, mumuuze zonse m'chiyankhulo chake, ndipo chimene simukuchidziwa munene kuti simukuchidziwa. Pomaliza mufunseni mwini wakeyo, osati om'perekeza okha, ndipo mudikire kufikira atayankha.